Mphumu ya Mwana Wanga ndi Mpikisano wa Anesi

Mwana wanga ali ndi mphumu. Ndiyambire pamenepo, chifukwa kumudzi kwathu ena amati ndinayamba zopalasa njinga m'mamawa pofuna kuonda, ena amati ndinkasaka mwamuna wa ku Boma. Ndionde pati ine, munthu woti chitenje chimandizungulira kawiri n'kutsalako? Mwamuna ndiye ndili naye kale mmodzi, ndipo wandikwana.

Mwanayo ndi wamkazi, nthawi imeneyo n'kuti atangosiya bere. Chifuwa chikamuyamba amalira ngati kamphaka kotsekeredwa m'dengu, pakhosi apa pamalowa mkati, nthiti zonse poyera. Kuyambira tsiku limene ndinamva kulira kumeneko koyamba, khutu langa silinabwererenso kwa ine. Ndimamvetsera ndikusinja, ndimamvetsera ndikutsuka mbale, kutchalitchi abusa amalalikira anthu ena, ine khutu lili kumsana. Akagona phee ndimaika chala pamphuno pake. Akamasewera ndimayang'ana milomo ngati yasintha mtundu.

Bambo ake ali ku Joni. Anatisiyira njinga ndi malangizo. Njingayo inangokhala chotsamira khoma, nkhuku zikugonapo, koma malangizo ndiye amabwera mosadukiza pafoni. "Amake mwana, musamamusambitse madzi ozizira." Zikomo kwambiri bambo, ndikanadziwira kuti ine.

Timakhala cha kwa Nazombe, pakhomo pa amayi anga. Chipatala chaching'ono chilipo chapafupi, koma chifuwa chikafika povuta, makina opatsa mpweya ali kuchipatala chachikulu ku Boma. Ndipo pakati pa ife ndi msewu wopita kumeneko pali mtsinje. M'chilimwe mbuzi imaudumpha osanyowa. Dzinja umanyamula ng'ombe, mitengo ndi milatho yomwe.

Tsiku limene chifuwa chinamugwira mwamphamvu koyamba linali la msika, akabaza onse atapita kumeneko. Ndinayenda khomo ndi khomo, mwana kumsana akukoka mpweya ngati akukoka ndowa m'chitsime chakuya, njinga ili m'nyumba mwangamo. Kupalasa ndinkadziwa, kuja kwa pabwalo, kozungulira mtengo wa mango. Pamene tinkapeza bambo wina woti atitenge n'kukafika kuchipatala, milomo ya mwana inali ngati wadya phulusa.

Anamuthandiza, anatsitsimuka. Amene anamuthandizawo anali anesi ena ochokera kumpoto, aatali, ouma thupi ngati nsungwi, Chichewa chawo chokokera kwawo monga mmene changa chimakokera kwathu. Mwana atagona, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Achemwali, munachedwa kuti?"

"Akabaza kunalibe, anesi."

"Kunyumba kulibe njinga?"

"Ilipo."

"Ndiye?"

"Eni ake ali ku Joni."

"Anapita ndi miyendo yanu yomwe?"

Munthu woti wangokupulumutsira mwana ungamuyankhe chiyani?

Masiku amene tinagona m'chipatalamo ndi pamene ndinamva za matenda awo, chifukwa nawonso anali nawo, kungoti awo anachita kuwafuna. Ankakonzekera mpikisano wina wake. Munthu amayamba n'kusambira mtunda woti wanzeru amakwera bwato, akatuluka m'madzi n'kukwera njinga ulendo woti wanzeru amakwera minibasi, akatsika n'kuyamba kuthamanga mpaka dzuwa kupendeka. Zonsezo tsiku limodzi, munthu mmodzi.

"Amakhala akukuthamangitsani ndani?" ndinafunsa.

"Palibe."

"Kumapeto amapereka chiyani? Feteleza?"

"Kachitsulo kovala m'khosi."

"Basi?"

"Ndipo timachita kulipira tokha kuti tipikisane nawo."

Ndinati chamumtima, sukulu ndinalekeza kupulayimale ine, mwina zimenezi amaphunzitsa kutsogoloko.

Koma anesiwo anali ndi vuto. Damu la mthirira limene ankasambiramo lili mbali yathu, ndipo mkazi akamayenda yekhayekha m'njira za kumudzi atavala kabudula wothina, amamva mawu ambiri kwa amuna a pabawo. Ankafuna woyenda naye.

"Ine ndikufuna mnzanga, inu mukufuna miyendo," anatero. "Tsiku lina chifuwa chidzamuyamba mvula ikugwa. Mudzapalasa mpaka pamtsinje, mudzawoloka, tsidya linalo mudzathamanga. Ndi mpikisano wanga womwewu, kungoti wanu ulibe kachitsulo."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinavomera pompo, ndi mtima wonse, monga mmene munthu amalonjezera Mulungu zinthu zambirimbiri akakhala m'chipatala.

Masiku oyambirira ndinali mkazi wamoto. Nkhuku ndinazisamutsa, matayala ndinapopetsa, tcheni ndinathira mafuta ophikira amayi asakuona. Tambala akangolira ndadzuka, mwana ndamusiya m'manja mwa agogo ake pamodzi ndi kamankhwala kopopera m'kamwa, ine ulendo kukakumana ndi anesi pamphambano. Iwo pa kanjinga kopyapyala koti ungakanyamule ndi chala, chisoti kumutu, botolo la madzi, pamkono wotchi yowauza mmene mtima wawo ukugundira, ngati kuti munthu sangaumve yekha. Ine pa chinjinga cha bambo a mwana, cha kaliyala yonyamulira matumba, chitenje chikukodwa m'tcheni, ndikupuma wefuwefu kumbuyo kwawo.

Kuno mkazi wopalasa njinga si nkhani. Azimayi amapalasa atanyamula nandolo, nkhuni, mwana kumsana, wina pakaliyala. Chimene anthu sanachimvetse ndi kupita wopanda katundu n'kubwerako wopanda katundu.

"Unapita kuti?" amayi ankandifunsa.

"Kopalasa."

"Kupalasa kupita kuti?"

"Kungopalasa, amayi."

"Wabwerako ndi chiyani?"

"Thukuta."

"Eya, tidyera limenelo. Ndiwo zapezeka lero."

Kuthamanga ndiye kunali chipongwe chenicheni. Kwathu munthu wamkulu, mayi wa mwana, sathamanga chabe. Akathamanga ndiye kuti kwagwa zinazake. Tsiku loyamba azimayi ena anatuluka ndi ndowa za madzi, akufunsa kuti nyumba ikupsayo ndi ya yani. Wina anafuula, "Kodi ndi mwana uja?" ndipo ndinaima n'kucheuka ngati iye akudziwa chimene ine sindikudziwa. Ndiye palinso moni. Anesi ankangodutsa, poti ndi alendo. Ine aliyense wa m'njiramo ndi azakhali, ndi amalume, ndi apongozi a msuweni wanga. Uime, upinde bondo, uwauze mmene wadzukira, mmene adzukira amayi, mmene chadzukira chifuwa cha mwana, kenaka uthamange mpaka khomo lotsatira. Anesi ali kutsogoloko, akudinadina wotchi yawo ija ngati ikuwaluma.

Za madzi ndazisiya dala kumapeto. Anesi anandibweretsera kabudula wonga wawo. Ndinamuvala, pamwamba pake n'kumanga chitenje, chifukwa ndili ndi amayi ine. Koma chitenje chikanyowa chimakumanga miyendo ngati mbuzi yopita kumsika. Iwo ankadula damu lonse uku ndi uku ngati ng'azi. Ine ndinkagwira udzu wa m'mphepete, ndikumenya madzi ndi mapazi, achule akundiyang'ana mwachisoni.

"Ikani nkhope m'madzi, muzitulutsa mpweya pang'onopang'ono," anatero. "N'zosavuta."

Ndinaika. Madzi anatseka makutu, kunja konse kunati zii, chifuwa chinayamba kupempha mpweya, ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo kuti kumene ndafikaku ndi kumene mwana wanga amapita chikamugwira. Ndinavuuka ndikutsokomola, ndikulira, madzi m'mphuno, ndinakwera kumtunda osacheuka, ndinapalasa mpaka kunyumba chitenje chikudontha. Ndinamupeza akudya mbatata, masaya ali mbuu. Anandiyang'ana ngati waona wamisala.

Kuyambira pamenepo moto uja unayamba kuzirala. Sunazime tsiku limodzi ayi, unkangochepa, ndipo zifukwa zinkabwera zokha, zabwinozabwino, zoti ngakhale abusa angazivomereze. Nandolo wauma, akathetheka m'munda adzatola ndani? Mawa kuli chitukuko. Lero ndatereka kalongonda, ndipo aliyense akudziwa kuti kalongonda sasiyidwa, amafuna kuwira tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, apo ayi upha banja lonse. Chaka chimenecho tinadya kalongonda wambiri zedi, mpaka amayi anafunsa ngati nyemba zina zinaletsedwa. Masiku ena ndinkatuluka ndithu, n'kukanikiza tayala ndi chala. Lolimba. N'kukanikizanso. N'kukanikizabe mpaka chala chitavomera kuti laphwa pang'ono, ndipo munthu wanzeru sawononga chubu.

Nkhani ya kabudula nayo inali itafika kale ku Joni, sindikudziwa inakwera basi yanji.

"Amake mwana, ndikumva kuti mukuyenda maliseche ndi anthu a ku Boma."

"Ndikuphunzira kupulumutsa mwana wanu, bambo."

"Nanga simungaphunzire mutavala? Komanso njingayo musamaikwere m'miyala, siinazolowere."

Chikwatiwire ndakhala ndikuwatsutsa bambowa pa chilichonse, koma sabata imeneyo ndinasanduka mkazi womvera. Amuna anga aletsa. Ndinagona tulo tokoma, ta munthu wosunga banja.

Chenicheni chinali ichi. Mwana akakhala bwino, akuthamangitsa anapiye pabwalo, mantha ankagona, ndipo mantha akagona miyendo yanga imagonanso. Ndinkamuyang'ana n'kumati, mwina zatha, ena amati imatha yokha akamakula. Akayamba kutsokomola, mantha ankadzuka ndi mphamvu zoti ndingapalase mpaka ku Mozambique, koma ndimusiye bwanji akutsokomola? Ndimusiyire amayi, amene kamankhwala kopopera kaja amakagwira ngati kachilombo koluma, amene amakhulupirira kuti chifuwa chilichonse chimatha ukamukhazika mwana pafupi ndi moto, mu utsi? Ndiye akakhala bwino sindinkafuna, akadwala sindinkatha. Tsiku loyenera kupalasa linali liti pamenepo?

Ngakhale masiku amene ndinkapita, ndinali ndi malire anga. Ukawoloka mtsinje pali chigayo, ukapitirira chigayo pali chitunda chachitali. Pachigayo pamenepo khutu linkandiuza kuti ndatalikira, amayi ngakhale atakuwa bwanji sindingamve. Ngati kuti pamphambano paja ndinkamva. Ndinkamanga mabuleki. "Anesi, ndaiwala kuuza amayi pamene ndaika mankhwala." Sindinaiwalepo n'kamodzi komwe. Chitundacho ndinkachidziwa ndi maso okha.

Tsiku lina mwezi wa Juni, mphepo ikutsika m'phiri, ndinadzuka n'kumva kuti sindingathe. Palibe chinkawawa. Bulangete linali lofunda basi. Ndinazimitsa foni, ndinauza amayi kuti anesi akabwera awauze kuti ndapita kwa Jenala kukaona odwala, ndipo ndinadzitsekera m'nyumba mpaka dzuwa kukwera, mayi wamkulu, kubisala kuseri kwa matumba a chimanga, ndikusuzumira pazenera njinga iliyonse yodutsa, ngati ndaba. Sanabwere. Nditayatsa foni masana ndinapeza uthenga wawo wa m'mamawa, woti pepani achemwali, kuntchito kwachuluka.

Sabata yotsatira tinakumana pamphambano, aliyense nkhope yachilungamo.

"Kuntchito kunali bwanji tsiku lija, anesi?"

Anayang'ana wotchi, anayang'ana phiri, kenaka anaphulika kuseka. "Ndinali pa ofu. Ndinagona mpaka njala kundidzutsa."

"Ine ndinabisala kuseri kwa chimanga kuthawa inu."

Tinaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa njira. Anandiuza kuti m'mawa uliwonse amatemberera tsiku limene analembetsa mpikisanowo, kuti akaweruka kuntchito miyendo imakhala ngati yobwereka, kuti chimawadzutsa n'chakuti anauza kale anthu onse, abale awo, akuntchito, ndi mwamuna wina amene anawaseka. Ndinasangalala kumva zimenezo, kusangalala koipa. Tsiku limenelo sitinapalase, tinagula zitumbuwa. Ndipo popeza tsopano aliyense ankadziwa kuti mnzake ndi mlesi, manyazi anatha, chikhalirecho ndi manyaziwo amene ankatidzutsa. Tinayamba kukhululukirana kwambiri. "Musadandaule achemwali, thupi limafuna kupuma." "Zoona anesi, nanunso mupume." Tinapumadi. Nkhuku zinabwerera panjinga.

Iwo pambuyo pake anadzidzimuka, mpikisano utayandikira, n'kuyambiranso okha mbali ya ku Boma. Ine ndinkapita mwa apo ndi apo, lero kupalasa, kenaka kupuma mpaka kuiwala chimene ndikupumira.

Chifuwa sichinadikire mvula. Chinabwera mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, anthu atatentha tchire posaka mbewa, utsi ndi fumbi zitaphimba phiri. Mwana anayamba ndi kutsokomola kouma. Ndinamupopera. Ndinadikira. Ndinamupoperanso. Kamphaka kaja kanayamba kulira, pakhosi kulowa, ndipo anasiya kundiitana, ankangondiyang'ana. Ndinaimbira wakabaza amene ndimamudziwa, foni yake inali yozima. Wina anati ali kutali ndi kasitomala, ndidikire. Sindinadikire. Ndinamubereka, ndinamanga zitenje ziwiri, amayi akundithandiza, ndinathamangitsa nkhuku, tayala sindinalikanikize.

Ndinapalasa. Mtsinje umene unandimwetsa madzi a m'damu unali mchenga wokhawokha, ndinakankha njinga n'kudutsa. Chigayo ndinachipitirira osachiona. Mpweya wake unali kukhosi kwanga kuno, wotentha, waufupi, ndinkaumva ndi khungu, ndikumuuza kuti tafika mayi, tafika, pamene sitinafike n'komwe.

Patsinde pa chitunda chija panali masamba pamsewu. Nthambi zaziwisi zoyalidwa mopingasa, anthu atakhala mbali zonse, amuna uku, azimayi uko, nyimbo yapansipansi. Maliro.

Ndipo ine ndinatsika.

Sindinaganize. Manja anamanga okha mabuleki, mwendo unadutsa wokha, ndinangopezeka ndili pansi ndikukankha njinga pang'onopang'ono, mutu wowerama, bondo likupinda kwa akuluakulu. Mwana akubanika kumsana, ine ndikupereka ulemu. Pa zonse zimene thupi langa linaphunzitsidwa, phunziro limene sindinajombepo chibadwire ndi limeneli: ukaona masamba, tsika. Pamenepo panalibe bulangete lofunda, panalibe nandolo wouma, thupi linakhoza lokha.

Ndinayenda choncho mpaka pakati pa anthu. Mayi wina wachikulire amene anakhala m'mphepete mwa msewu, sindimudziwa mpaka lero, anatukula mutu, anamvetsera, anaimirira.

"Iwe! Mwanayo akutero, iwe n'kumayenda ngati mkwatibwi?"

"Pepani amayi, ndaona masamba."

"Masamba! Amene tikumulira muno wapita kale, sakukuona. Ukufuna adzukulu akumbe awiri? Kwera!"

Ndinayesa kukwera. Pachitunda, njinga yolemera, mwana kumsana, phazi linkangoterereka pachopondera. Amuna awiri anadzambatuka pagulu paja, mmodzi dothi la kumanda lili m'miyendo, anagwira kaliyala uku ndi uku n'kuyamba kundikankha chothamanga, kudutsa masamba a mbali inayo, akufuula, "Palasani mayi! Palasani!" Kumbuyo nyimbo siinaleke. Anandisiya pakati pa chitunda, mpweya utawathera.

Theka lotsalalo linali langa, ndipo m'menemo ndinakumana ndi masiku onse amene ndinagona. Anali akundidikira pamenepo, lina pamwala uwu, lina pamtengo uwo. Ntchafu zinayaka moto, m'maso munada, njinga inayamba kukhotakhota ngati ya woledzera. Mmene ndinafikira pamwamba sindikudziwa. Kutsetsereka kunandithandiza, kenaka msewu unangoti tantha utali wake wonse, ndipo penapake, malata a ku Boma akuoneka kale patali, mwendo wamanja unakokana n'kuuma gwa. Ndinagwa chafufumimba kuti mwana asamenyeke. Njinga ndinaisiya pomwepo kwa mayi wogulitsa tomato, n'dzina lomwe sindinamufunse. Ndinathamanga chotsimphina, moni kwa aliyense panalibe, kumsana kunali chete, ndipo chete ameneyo ndi amene ankandithamangitsa, mpaka njinga yamoto ina inaima yokha, mwini wake anangoti, "Kwerani."

Kuchipatala anamulanda kumsana kwanga, anamuvindikira kumphuno ndi kukamwa, makina anayamba kulira. Ine ndinakhala pasimenti ndikupuma ngati galu, mpaka wina anafunsa kuti wodwala ndi uti. Anesi anga aja anali pantchito tsiku limenelo. Sanandiyang'ane mpaka milomo ya mwana itayamba kubwerera mtundu wake. Kenaka anabwera, anandipatsa madzi, anaona maondo anga osupuka.

"Mwabwera bwanji?"

"Ndapalasa."

"Chitunda chija?"

"Theka. Theka linalo andikankha adzukulu."

Sananene kuti mwachita bwino, sananenenso kuti mukanachedwa pang'ono. Zimenezo ndinaziona ndekha pamene anabwerera kwa mwana n'kukhala nthawi yaitali dzanja lili pachifuwa chake.

Tisanatuluke ndinawafunsa za mtsinje, kuti dzinja ndidzatani poti kusambira kunandikana. Anati ngakhale iwo, ng'azi yeniyeni, sangalowe m'madzi osefukira ndi mwana kumsana, ndipo mawu a tsiku lija ananena pofuna kundiopseza kuti ndiziwaperekeza. Zikomo anesi, madzi onse ndinamwa aja. Tinagwirizana kuti mtsinje ukayamba kudzaza, ine ndi mwana tizikakhala kwa azakhali anga tsidya linalo. Koma chitunda sichisamuka, chili tsidya lomwelo. Mpikisano wawo anapitako, anamaliza kunja kukuda, sabata yonse ankayenda ngati bakha.

Nditabwerera kumudzi ndinkaganiza kuti tsopano ndasintha, kuti munthu amene waona zimene ndinaonazo sangagonenso. Njinga ndinakaitenga, mayi wa tomato anali ataisunga. Ndinadzuka m'mamawa masiku angapo ndithu. Kenaka mwana anayambanso kudya bwino, kuseka, kundibera shuga, ndipo tsiku lina ndinamva thupi likundinong'oneza kuti bondo silinapole bwinobwino.

Chitseko chinatseguka ndi phazi. Amayi. Anandivundukula chofunda.

"Dzuka."

"Amayi, bondo."

"Bondo lakolo ulimange nsanza. Ine tsiku lija ndinatsala pano ndikuyang'ana njira, osadziwa ngati ndiyambe kusesa pabwalo poti anthu adzakhale. Sindidzayang'ananso njira choncho chifukwa cha tulo tako."

M'manja anali ndi kathumba. Anali atakathira mchenga wa kumtsinje, atakayeza okha pokanyamula dzanja ili, mwana dzanja ilo, mpaka atakhutira kuti zikulemera mofanana.

"Tembenuka."

Anandibereketsa, anamanga chitenje mpaka nthiti kulira.

"Uyu sakudwala," anatero. "Ukamugwetsa palibe mlandu. Wanga weniweniyo umusiye, ndamuphikira phala."

Azimayi a pamjigo anandiona ndikudutsa, wina anafuula, "Wadzuka bwanji mwanayo?" Ndinati wadzuka bwino, ndi wofatsa. Anaseka mpaka kutaya madzi, ndipo chiyambire amamupatsa moni tsiku lililonse.

Ndimajombabe. Ndisaname, palibe m'mawa umene ndimadzuka ndikufuna. Kungoti tsopano ndikajomba, amayi amabereka okha kathumbako n'kupita nako kumjigo, n'kumauza aliyense kuti make wagona, mwanayu ndikumulera ndekha. Dzulo ndinajomba, mudzi wonse wamva. Lero ndinapita, mitambo itayamba kale kusonkhana paphiri. Chitunda ndinachikwera osatsika, ndikutukwana chamumtima, mchenga ukundikanikiza msana, ndipo nditafika pamwamba, ndisanapume n'komwe, dzanja linapita lokha kumsana kukamva ngati kathumbako kakupuma.